Fulashi yanu sinafe, Windows 98 ndi imene sikuidziwa

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma bandulo inandithera, ndiye ndikuyankheni tsopano. Mwati mwatulutsa kompyuta ya malemu bambo anu, Pentium III ya Windows 98, yayaka bwinobwino, ndipo mukufuna kukoperamo makalata ndi zithunzi zawo. Koma mukalowetsa fulashi yanu ya 64GB kanyali kake kamayaka, Windows n'kufunsa driver (kapulogalamu kothandiza Windows kuzindikira chipangizo), mukadina Next kangapo n'kuthera pa "Unknown Device". Ndaona ena pamwambapa akuti fulashiyo ndi yakufa, ena akuti ikanimo Windows XP basi. Fulashi musataye. Ndipo chonde, XP isayandikire hard disk imeneyo musanakopere zinthu za bambo kwina. Anthu ambiri amene anataya zithunzi za makolo awo anazitaya akuyesa kukonza kompyuta.

Ndiyambe ndi njira yachidule, chifukwa mwina ndi imene mukuifuna. Ngati cholinga n'kungopulumutsa mafayilo, zimitsani, tsegulani bokosilo, zulani hard disk. Mudzaona ili ndi chingwe chophwatalala cha mapini 40, ndiye IDE imeneyo. Pali ka adapter kochokera ku IDE kupita ku USB, kamene kamabwera ndi pulagi yake ya magetsi, ndipo amisiri ambiri okonza makompyuta amakhala nako, mukhoza kungobwereka. Mukalumikiza pa laputopu ya lero disk ija imatseguka ngati fulashi, chifukwa Windows 10 ndi 11 zimawerengabe FAT32, kasanjidwe ka mafayilo ka pa ma disk a Windows 98. Ikapanda kuoneka, yang'anani kajampa kali kumbuyo kwake, mukaike pa Master. Disk imeneyo yadutsa zaka 20. Kuyaka kwa dzulo sikutanthauza kuti iyakanso mawa, ndiye koperani zonse tsiku lomwelo, osasankha, kusankha mudzachita pambuyo.

Tsopano ngati mukufunanso kuti kompyutayo izilandira fulashi, monga ndikuganizira poti mwatchulanso magemu akale, dziwani kuti mavuto anu ndi awiri, ndipo lachiwiri limabisala kumbuyo kwa loyamba. Mukathetsa limodzi n'kuona kuti sizinatheke, mumaganiza kuti mwalakwitsa pamene mwafika pakati chabe.

Loyamba ndi driver. Windows 98 inatuluka mu 1998, ya Second Edition mu 1999, pamene mafulashi anayamba kugulitsidwa cha mu 2000, oyambirirawo a 8MB okha. Ndiye 98 inabadwa fulashi kulibe. Mbewa ya USB imaidziwa, kiyibodi imaidziwa, koma chosungira mafayilo ayi. Amene tinagula mafulashi masiku amenewo tikukumbukira kuti m'paketi munkakhala kaCD kakang'ono ka driver ya 98, fulashi iliyonse ndi kake. Windows ME ndi Windows 2000 ndi zimene zinabwera ndi driver imodzi yogwira pa mafulashi onse, ndipo patapita nthawi opanga mafulashi anasiya kuvutika ndi timaCD tija.

Mankhwala ake ndi kapulogalamu kotchedwa NUSB, kamene anakonza munthu wodziwika pa intaneti ndi dzina loti Maximus Decim. Anatenga mafayilo a Windows ME n'kuwasintha kuti agwire pa 98. Fufuzani fayilo yotchedwa nusb33e.exe. Chilembo "e" chakumapetoko chikuimira Windows ya Chingerezi, ndipo fayilo imeneyi ndi ya Second Edition. Musanaike, dinani My Computer ndi batani lakumanja la mbewa, pitani pa Properties, muwerenge nambala. Ikakhala 4.10.2222 A ndiye Second Edition, pitirizani. Ikakhala 4.10.1998 ndi 98 yoyamba, imeneyo ili ndi NUSB yakeyake, musaikakamize iyi.

Mufunsa kuti nanga fayiloyo ilowa bwanji m'kompyuta yosalandira fulashi. Funso labwino, tonse tinaseka pamenepo. Iwotchereni pa CD-R, pa liwiro lotsika, osati pa CD-RW chifukwa ma drive akale ambiri amaikana. Kapena, poti hard disk mwaizula kale, ikopereni pomwepo ili pa laputopu, mu foda yoti muipeze mosavuta. Ulendo umodzi, ntchito ziwiri.

Poika NUSB pali pamene ambiri amathamangira n'kugwa. Zulani fulashi kaye. Lowani mu Device Manager (mndandanda wa zipangizo zonse za kompyutayo), chotsani "Unknown Device" ija, chotsaninso zonse zili pansi pa Universal Serial Bus controllers, ndi driver iliyonse ya fulashi imene munayesapo. Ngati mbewa yanu ndi ya USB isiya kugwira pamenepo, ndiye khalani ndi ya PS/2 pafupi, ya kapulagi kozungulira ija. Mukatero yendetsani nusb33e.exe, yambitsaninso kompyuta, isiyeni ipeze yokha ma USB controller ake, yambitsaninso kachiwiri. Fulashi ilowe pomaliza. Mukaika NUSB pamwamba pa ma driver akale osachotsa, mudzakumana ndi sikirini ya buluu, ndipo mudzanena kuti ndinakunamizani.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kanandidyera Loweruka lathunthu. Munthu wina anandibweretsera kompyuta yonga yanuyi, yoyendetsa makina odulira zilembo zomata pa magalimoto. Ndinaika NUSB, fulashi inagwira, tinawombana m'manja, ananyamula. M'mawa foni: sikugwiranso. Ndinachotsa, ndinaikanso, inagwira. Titazimitsa pa soketi n'kuyatsanso, zii. Madzulo ndi pamene maso anga anagwera pa koloko ya pansi kumanja, ikunena chaka cha 1999. Kabatire ka pa motherboard, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kanali katatha kalekale. Magetsi akangochoka BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard kamene kamadzutsa kompyuta, inkaiwala zonse zimene ndaiuza, kuphatikizapo "Assign IRQ For USB" imene ndinaiika pa Enabled. Kwathu kuno kumene magetsi amathima osatsanzika, ndiye kuti tsiku lililonse inkadzuka ngati yatsopano. Inu yanu yagona zaka m'kabati, kabatireko n'kakufa ndithu. Sinthani, kenako poyatsa dinani Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS, muonetsetse kuti USB ili Enabled ndipo "Assign IRQ For USB" ija ilinso Enabled.

Vuto lachiwiri ndi mmene fulashiyo anaifomatira. Mukamaliza za driver, mwina idzaoneka mu My Computer koma mukaidina ikufunsani ngati mukufuna kuifomata, kapena osaoneka n'komwe. Mafulashi ambiri opitirira 32GB amabwera ali pa exFAT, kasanjidwe katsopano kamene Microsoft inatulutsa mu 2006. Windows 98 imadziwa ma FAT akale basi, monga FAT16 ndi FAT32. NTFS siidziwa, exFAT siidziwa. Ngakhale XP imene akukuuzaniyo imafuna update yapadera kuti iwerenge exFAT. Komanso ngati fulashiyo munaigwiritsapo ntchito poika Windows 10 kapena 11, mwina ili pa GPT, pamene makompyuta akale amafuna MBR (ziwirizi ndi njira zogawira disk m'zigawo). Kufomata wamba sikuchotsa GPT, n'chifukwa chake ena amafomata kasanu osaona kusintha.

Ndipo Windows ya lero mukadina Format pa fulashi ya 64GB, FAT32 simuipeza pa mndandanda. Si kuti FAT32 singathe kukula choncho, ndi malire a 32GB amene anangoika pa chida chofomatira kuyambira pa Windows 2000. Kapulogalamu kofomatira kotchedwa Rufus kamalumpha malire amenewo: sankhani Non bootable, MBR, ndi Large FAT32. Koma ine ndimakonda kuidula ikhale yaing'ono, chifukwa 98 imamasuka ndi zazing'ono. Pa laputopu tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani diskpart, kenako list disk. Yang'anani kukula kwa disk iliyonse mpaka mutsimikize kuti fulashi ndi nambala iti. Lembani select disk ndi nambala imeneyo, kenako clean, kenako convert mbr, kenako create partition primary size=8000, kenako format fs=fat32 quick, pomaliza assign. Mupeza fulashi ya pafupifupi 8GB. Malo otsalawo sanatayike, angogona, mudzawadzutsa tsiku lina.

Pa clean pamenepo imani kaye mupume. Lamulo limenelo silifunsa kuti mwatsimikiza. Ine ndinalembapo select disk 1 m'malo mwa 2 ndili kulankhula pa foni, ndipo disk 1 inali hard disk ya external ya msuweni wanga, muli zithunzi za chinkhoswe chake. Zinabwerera nditatha usiku wonse ndi TestDisk, kapulogalamu kobwezera zotayika pa disk, koma thukuta lake sindidzaliiwala, ndipo mwini wake mpaka lero sakudziwa. Ndiye zulani china chilichonse cha USB musanayambe, makamaka hard disk ya bambo ija. Isakhale pa laputopu nthawi imene mukulemba clean.

Ikagwira, musadabwe ndi kuchedwa. Ma Pentium III ambiri ali ndi USB 1.1, ya 12 Mbit pa sekondi, imene pa ntchito yeniyeni imakopera pafupifupi 1MB pa sekondi. Zinthu zodzaza CD imodzi ndi mphindi zoposa khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, tereketsani tiyi. USB 2.0, ya 480 Mbit, inabwera mu 2000 ndipo inatenga nthawi kuti ifike pa ma motherboard. Mukafuna liwiro, pezani khadi ya PCI ya USB 2.0, yolowetsa pa motherboard. Ine ndimasaka za chip ya NEC, sizinandivutitsepo pa 98, pamene za VIA zina zimagwira zina zimachita makani. Kumbukiraninso kuti pa FAT32 fayilo imodzi siingapitirire 4GB, ngakhale pa kompyuta ya bambo sindikhulupirira kuti mupezamo yaikulu choncho.

Nthawi zina mumachita zonsezi molondola fulashi n'kukanabe. Papepala fulashi ya USB 3.0 imayenera kugwira pa bowo lakale, koma ndaonapo zingapo zimene zimangophethira n'kuzima. Bowo lakale limapereka 500mA, la USB 3.0 limapereka 900mA, ndipo mafulashi ena othamanga ndi adyera. Gwiritsani ntchito mabowo akumbuyo, omatidwa pa motherboard penipeni. Akutsogolo pa mabokosi akale ndimawaopa, chifukwa masiku amenewo mapini ake sankafanana pa ma motherboard onse, ndipo nthambo zikasemphana fulashi imapsa. Kunena zoona, mnzake weniweni wa kompyuta imeneyi ndi kafulashi kakale ka 2GB kapena 4GB, kaja kali m'dilowa kamene ana anakakana kuti n'kakang'ono. Funsani azakhali, funsani ku ofesi, kapezeka.

Ya 64GB yo munaigula kuti? Ndikufunsa chifukwa ndinagulapo ina kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, yolembedwa 32GB, mtengo wokoma, ndipo kompyuta inkaonetsadi 32GB. Mkati munali 4GB. Mafayilo oyamba ankatseguka, otsatirawo mayina okha, mkati mopanda kanthu. Pali kapulogalamu kaulere, H2testw, kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati zonse zabwerera. Yesani pa laputopu musanaikemo zinthu za bambo. Ndipo pochotsa pa 98, NUSB imaika kachizindikiro pafupi ndi koloko, dinani pamenepo kaye. FAT32 siikhululuka mukaizula ikulemba.

Za magemu a DOS: mukawayendetsa muli mu Windows palibe vuto, akopereni pa C. Koma mukatuluka kupita mu DOS yeniyeni, NUSB siigwirako. Kumeneko anthu amagwiritsa ntchito USBASPI.SYS ya Panasonic pamodzi ndi DI1000DD.SYS, kuzilemba mu CONFIG.SYS. Zimatheka, koma zimasankha mafulashi, ndipo pa MS-DOS 6.22 mumafunika FAT16 yosapitirira 2GB. Sindikukulimbikitsani kuyambira pamenepo.

Ngati kompyutayi mwaikonda ndipo mukufuna ikhale zaka zina, ganizirani za CompactFlash, makhadi aja a makamera akuluakulu akale. Khadi imeneyi imalankhula chinenero cha IDE, ndiye ka adapter kake ndi kabolodi chabe kolumikiza mapini, ndipo kompyuta imaiona ngati hard disk, popanda driver. Mumaikapo 98, disk ya bambo n'kuisunga m'kabati ipume. Tengani ya 4GB kapena 8GB, chifukwa ma BIOS ena a nthawi imeneyo amasokonezeka pa 8.4GB, ena amaima pa 32GB. Kungoti osaizula kompyuta ili yoyaka. Palinso Gotek, kabokosi kolowa m'malo mwa floppy drive pa chingwe chomwecho cha mapini 34, kutsogolo kuli bowo la fulashi ndi timabatani tosankhira. Kompyuta imaganiza kuti ikuwerenga floppy ya 1.44MB. Oimba amene ali ndi makiyibodi a Yamaha PSR a floppy aja akudziwa chimene ndikunena. Mukaikamo firmware (pulogalamu ya mkati mwa kabokosiko) ya FlashFloppy mumangoponya mafayilo a ma floppy pa fulashi ya FAT32. Koma musaiyese njira yokoperera zithunzi, pakamwa pake ndi 1.44MB basi.

Mukakopera za bambo, bwerani mundiuze nambala ija ya pa Properties, mujambulenso Device Manager mutatsegula mzere wa Universal Serial Bus controllers, ndi kumbuyo kwa bokosilo kuti ndione mabowo. Ngati muli ku Lilongwe kuno, adapter ya IDE ndili nayo, ndilembereni ku inbox mudzabwereke Loweruka, koma mubwere ndi laputopu yanu yochajidwa.