Kodi tizigamba timeneti mugulitsa zingati?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera pa imelo. Akuti tulo tinawathawa chifukwa cha maganizo, ndiye ataona pa Facebook azimayi akunja akusoka tizidutswa ta nsalu pamanja pofuna kukhazika mtima pansi, nawonso anayesa. Zikuwathandiza ndithu. Vuto ndi abambo akunyumba, amene madzulo aliwonse amafunsa kuti, "Kodi timeneti mugulitsa zingati?" Mayiwa akufuna kudziwa ngati zimenezi zili zenizeni kapena ndi masewera a anthu okhuta, komanso kuti ayambire pati.

Achemwali, mundilole ndiyambe ndi funso la abambowo, chifukwa landidzutsira mkwiyo wakalekale.

Mayi anga anathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje mpaka msana unakana. Amene simunaionepo ntchito imeneyi musanyengedwe ndi zithunzi zija za minda yobiriwira, phiri lili kumbuyo. Munthu amalowa m'munda mame asanaume, dengu lili kumsana, manja onse awiri akuthyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo, mpaka dzuwa kupendeka. Nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka mosalekeza ndipo wothyola sapuma. Mnzanga wina wophunzira kwambiri anandiuzapo kuti ntchito yobwerezabwereza choncho iyenera kuti imakhazika mtima pansi. Ndinangomuseka. Kumapeto kwa mzere kuli sikelo, pambali pa sikelo pali kalaliki ndi buku lake, ndipo kapitawo amapisa dzanja m'dengu kufunafuna masamba okhwima. Manja amathyola, mutu ukuwerengera makilo.

Mayi omwewo, tikatha kudya madzulo, ankayatsa koloboyi n'kutulutsa kajumbo ka tizidutswa tomwe ankapempha kwa telala wina wosokera pakhonde la sitolo ku Chitakale. Ankalumikiza kachidutswa ka chitenje ndi ka yunifolomu ya sukulu, kenako kena ka diresi la munthu amene sitinamuonepo. Sichinali chofunda, sichinali nsalu ya patebulo. Tambiri tinkangothera m'kajumbo momwemo. Agogo ankalusa, "Manja amenewo bwenzi akusenda nandolo!" Mayi osayankha, singano ikungoyenda. Pa ntchito zonse za manja awo tsiku lonse, iyi yokha ndi imene panalibe woiika pa sikelo.

Kwathu kuno mkazi akakhala pansi, manja ake ayenera kukhala ndi chowiringula. Asankhe nyemba, atong'ole chimanga, aluke mwana tsitsi. Akangophunzira kuluka zipewa, mawa lomwe anzake a ku banki m'khonde amuuza kuti ayambe bizinesi. Koma abambo akakhala pa bawo kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa m'khola, ndani anawafunsapo kuti bawoyo yalowetsa zingati? Sindikunyoza bawo. Ubwino wake ndi womwewo, kuti sipindulitsa kanthu koma mutu kupepuka. Ndikuyamba kulemba ndimati ndikuuzeni kuti mupangeko tizikwama tingapo togulitsa, m'nyumba mukhale mtendere. Ayi, ndakana. Musagulitse. Tsiku limene mudzalandire oda ya tizikwama khumi tofunika Loweruka, sikelo idzakhala italowa m'nyumba mwanu, ndipo tulo tija tidzathawanso.

Ine ndinayamba kusoka namondwe wa Freddy atadutsa, mu Malichi 2023. Nyumba yathu inapulumuka, koma tinaona ndi maso zimene madzi ndi miyala yochokera m'phiri zinachita kuno ndi ku Phalombe, akuluakulu akungokumbutsana za napolo wa 1991. Kuchokera pamenepo mvula ikangoyamba kugunda pamalata usiku, ine tulo balala, khutu lili kumtsinje. Ndinkadzuka kukayang'ana ana, kubwerera, kudzukanso kukasuzumira pazenera mu mdima wosaoneka kanthu. Kupemphera ndinkapemphera, koma pakamwa pankanena zina, mutu uli kwina. Usiku wina ndinatenga siketi ya mwana yong'ambika kuti ndingoikapo chigamba. Chigamba chitatha sindinasiye, ndinapitiriza mizere ina pamwamba pake, yopanda ntchito, mpaka ndinazindikira kuti mvula ndasiya kuimvetsera.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumvetsa. Singano ndi yaing'ono, koma imafuna maso ndi zala zonse. Simungalowetse, kutulutsa ndi kukoka ulusi uku mukuwerengera bwinobwino ngongole ya feteleza, china chiyenera kudikira. Mpweya umayamba kutsatira dzanja, mapewa amatsika inu osadziwa. Maganizo amathawabe, inde, koma nsalu imakuululani. Pamene mutu unapita ku fizi ya mwana, msoko wakhota kapena mwadzibaya chala. Mukaona, mumabwerera. Kuthawa ndi kubwerera kumeneko ndiye kusinkhasinkha kwenikweniko, ndipo amene amakuuzani kuti m'mutu muyenera kukhala mbee, mopanda ganizo lililonse, akukunamizani. Ena amaopa kuti izi ndi za zipembedzo za kum'mawa. Ayang'ane Akatolika ndi kolona wawo, Asilamu ndi tasibihi yawo. Zala zikamayenda pa kanthu kamodzikamodzi, mtima umatsatira.

Chondipweteka n'chakuti tinachita kudikira Facebook kuti itiuze. Amene tinaphunzira pulayimale kaunjika asanachuluke tikukumbukira mmene ana ankasekera mnzawo wa kabudula wa chigamba kumbuyo. Chigamba chinali kulengeza umphawi pagulu. Ku Japan kunalinso chimodzimodzi. Kumpoto kwa dzikolo, komwe kumazizira moti thonje silichita bwino, alimi osauka ankasanjikiza chigamba pa chigamba, chovala chimodzi kuchoka kwa agogo kufika kwa mdzukulu. Nsalu zotere amazitcha boro, ndipo kasokedwe kotchuka ka ulusi woyera pa nsalu yabuluu ndi sashiko. Eni ake ankachita nazo manyazi, koma lero zikuonetsedwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndipo anthu akuzigula modula. Ku Bengal, mbali ya India ndi Bangladesh, azimayi amasanjikiza masari akutha, nsalu zazitali zimene amavala kumeneko, n'kuwasoka ndi msoko wamba wolowetsa n'kutulutsa, n'kutuluka chofunda chotchedwa kantha. Ife zathu tinazisandutsa zokolopera. Ndiye pano pa intaneti akugulitsa timapaketi ta zidutswa, singano ndi ulusi pa madola, zinthu zimene telala wa pa Limbuli amasesa akamaweruka.

Ngakhale kutchalitchi nkhani ndi yomweyi. Amayi a Dorika a mpingo wa Adventist, amene kuno ndi ambiri poti mishoni ya Malamulo ku Makwasa yakhala ya Adventist kuyambira 1902, anatenga dzina kwa Dorika wa pa Machitidwe 9, uja atamwalira amasiye anaonetsa Petro malaya amene ankasoka. Ntchito yabwino, sindikutsutsa. Koma taonani, nayenso tikumukumbukira chifukwa ankasokera ena. Mkazi amene anasoka kuti iye yekha apume palibe anamulemba.

Nanga muyambire pati?

Mwayamba kale, achemwali, koma nazi pang'ono. Tengani zidutswa ziwiri zazikulu ngati chikhatho, muzisanjikize. Zikhale za thonje, monga chitenje chakutha chofewa, chifukwa nsalu zoterera zija zimathawa m'manja n'kukukwiyitsani. Ulusi ukhale wotalika kuchokera ku chala kufika pa chigongono, ukapitirira umapotana. Msoko ndi wamba uja wolowetsa n'kutulutsa, mzere pambali pa mzere. Foni ikhale kuchipinda china. Mphindi 15 zikukwana, ndipo ngati n'kotheka sokani kukadali kowala kapena pafupi ndi nyale ya sola, maso angakuvuteni. Msoko ukakhota musamasule.

Koma singano si chipatala. Kusowa tulo kukatenga milungu, chakudya osachifuna, kapena mukayamba kuganiza kuti bola kufa, pitani ku chipatala cha boma ku Thyolo mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, ndipo muuzeko munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Kusoka mudzapitiriza mukabwerako.

Za zidutswa, nthawi yabwino yopita kwa telala ndi sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa kapena Khirisimasi ikayandikira, pamene amadula nsalu zambiri. Fikani madzulo asanasese, chifukwa opanga timakapeti ta pakhomo ndi ofutira mapilo nawonso amazifuna, ndipo matelala ena ayamba kuzigulitsa pa jumbo. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chikabwera zala zimauma, ndiye muyambe mwaotha kaye moto musanalowetse ulusi pa singano.