Funsani Akatswiri: Kusunga Zomwe Bungwe Laphunzira pa Ntchito za Kumudzi

Ndimayang'anira pulojekiti ya mijigo ndi madimba. Mlangizi wathu wasiya ntchito, ndipo amene walowa m'malo mwake akubwereza zolakwika zomwe tinakonza kalekale. Chonsecho malipoti ndi odzaza kabati. Chavuta n'chiyani? (Mayi woyang'anira pulojekiti)

Mayi, malipotiwo analembedwera opereka thandizo, osati wolowa m'malo. Amanena kuti mijigo yakumbidwa ingati, anthu aphunzitsidwa angati. Sanena chifukwa chimene komiti ya mudzi wakutiwakuti inathera, kapena chimene chinachititsa kuti musinthe malo okumba. Zimenezo zinali m'mutu mwa mlangiziyo, ndipo wapita nazo.

Ulendo wina, wochoka ndi wolowa ayendere limodzi midzi yonse kwa masabata awiri, kuti anthu amuone watsopanoyo akubwera ndi munthu amene amamukhulupirira. Kenako munthu wachitatu, yemwe si bwana wake, akhale pansi ndi wochokayo kwa ola limodzi kapena awiri, ajambule mawu pa foni, alembe masamba osapitirira atatu. Amufunse kuti ndi kuti komwe ntchito inavuta ndipo chifukwa chiyani, ndani m'mudzi amene anthu amamumveradi, komanso akanayamba lero akanasiya chiyani. Funso lofunika koposa ndi la malonjezo: munalonjeza chiyani kwa anthu chomwe sichinachitike? Bungwe limaiwala, koma mudzi suiwala, ndipo watsopanoyo akakana lonjezo lomwe sakulidziwa, anthu amayamba kujomba misonkhano iye osadziwa chifukwa.

Onaninso komwe zikalata zili. Zambiri zimakhala mu laputopu ya munthu kapena pa WhatsApp. Zikhale pamalo amodzi ofikira onse, dzina la chikalata liyambe ndi deti, ndipo pakhale kope lachiwiri kwina.

Tikakumana kuti tiunike ntchito, msonkhano umasanduka wolozana zala. Enafe tangosankha kukhala chete. Pali njira ina? (Mlangizi wa zaulimi)

Ilipo bambo, ndipo inayambira kwa asilikali a ku America m'zaka za m'ma 1970. Pachingerezi amaitcha After Action Review. Mafunso ake ndi anayi okha: timafuna kuti chichitike n'chiyani, chachitikadi n'chiyani, kusiyanako kwabwera bwanji, ndipo ulendo wina tichita chiyani mosiyana. Palibe funso lakuti walakwa ndani.

Chitani zimenezi pasanathe sabata ntchito itatha, monga kugawa mbewu kapena maphunziro a komiti, anthu asanayambe kukongoletsa nkhani. Mphindi 45 zikwana, anthu asapitirire khumi ndi awiri, ndipo theka la nthawiyo lipite ku funso lomaliza. Wotsogolera asakhale bwana, ndipo bwanayo alankhule pomaliza, chifukwa akayamba iye ena onse amangovomereza. Dalaivala ndi wosunga katundu asasiyidwe. Kawirikawiri iwo ndi amene amadziwa pamene mbewu zinachedwera.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa kalembedwe ka phunzirolo. "Tiyenera kugwirizana kwambiri ndi anthu" si phunziro, chifukwa palibe amene angadzuke mawa n'kukachita. Lembani chonchi: mbewu zinafika mvula itagwa kale chifukwa oda inadikira siginecha ya munthu mmodzi, choncho pakhale wosayina wachiwiri ndipo oda ituluke miyezi itatu nyengo yodzala isanafike. Zosintha zisapitirire zitatu, chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kuziwerenga.

Akatswiri a kayendetsedwe ka mabungwe, Chris Argyris ndi Donald Schön, mu 1978, anasiyanitsa mitundu iwiri ya kuphunzira. Anthu akamabwera ochepa ku maphunziro, mutha kusintha nthawi yokumana, kumeneko ndi kukonza kachitidwe chabe. Kufunsa ngati maphunzirowo ndi amene anthu akufunadi ndiko kovuta, chifukwa kumakhudza pulani ndi bajeti. Ngati mgwirizano wanu ndi opereka thandizo sulola kusuntha ndalama ngakhale pang'ono, kambiranani zimenezo poyamba, apo ayi antchito adzaona kuti kulankhula n'kutaya nthawi.

Alendo a ku likulu akabwera, anthu amangoyamikira. Tingamve bwanji zoona? (Wosonkhanitsa ziwerengero)

Katswiri wa chitukuko cha kumidzi, Robert Chambers, analemba za vutoli mu 1983: alendo a chitukuko amafika midzi ya m'mbali mwa msewu, nthawi ya chilimwe, n'kucheza ndi atsogoleri ndi amuna. Choncho sankhani dala midzi yakutali, pitaninso m'nyengo ya mvula, ndipo amayi, achinyamata ndi omwe anatuluka m'gulu muwafunse paokha.

Yesaninso njira imene katswiri wounika ntchito za chitukuko, Rick Davies, anayambitsa ku Bangladesh m'zaka za m'ma 1990, yotchedwa Most Significant Change. Miyezi itatu iliyonse mumafunsa anthu kuti kusintha kwakukulu komwe aona ndi kotani, ndipo chifukwa chiyani akukuona kukhala kwakukulu. Gulu la antchito limawerenga nkhanizo, kusankha imodzi, kulemba chifukwa chosankhira, n'kubweza yankho kwa eni nkhani. Kuipa kwake, nkhani zokoma zokha ndi zomwe zimabwera. Onjezani funso lapadera la kusintha koipa, ndipo lifunsidwe ndi munthu amene sagawa nawo katundu wa pulojekiti.