Nsaluyi yachokera kuti? Yankho kwa amene akufuna kuyamba malonda a zovala zosawononga chilengedwe

Achemwali,

Mwandifunsa mmene malonda a zovala zosawononga chilengedwe amayendera pakati pa Lusaka ndi Lilongwe, kumene timapeza katundu, zimene timalipira pa chipata cha m'malire a mayiko awiriwa, ndiponso ngati munthu wa mpamba wochepa ngati inu, amene muli ndi makina osokera amodzi kunyumba, angapezemo phindu. Phindu lilipo ndithu, koma limabwera kwa munthu amene angathe kuyankha funso limodzi mosachita chibwibwi, funso lakuti nsaluyi yachokera kuti. Wa msonkho pa chipata cha Mwami adzakufunsani funso limeneli kuti adziwe zimene muyenera kulipira, ndipo kasitomala wa ku Kabulonga mu Lusaka kapena ku Area 10 mu Lilongwe adzakufunsani lomwelo kuti adziwe chifukwa chimene diresi lanu likukwerera mtengo kuposa la pamsika. Mukasowa yankho, onse awiriwo akudyerani phindu lanu, wina pokulipiritsani msonkho wonse, winayo pokusiyani ndi katundu wanu m'manja.

Tiyambe ndi nsaluyo, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Zitenje zambiri zotsika mtengo zimene mumaziona m'masitolo a ku Kamwala ndi za polyester kapena zosakaniza, zodindidwa ku China, ngakhale maluwa ake akhale a kwathu kuno. Polyester ndi pulasitiki wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, sawola akatayidwa, ndipo nthawi iliyonse imene mwamuchapa amataya timaulusi tosaoneka ndi maso timene timapita ndi madzi. Munthu sangasoke malaya a nsalu yotere n'kumauza anthu kuti ndi osamalira chilengedwe chabe chifukwa chakuti ndi chitenje. Musanawode mpukutu wonse, pemphani kachidutswa kakang'ono ndipo mukayatse ndi machesi muli panja. Thonje lenileni limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa limene limafumbutuka ndi zala, pamene polyester amasungunuka, amanunkha pulasitiki ndipo amasiya kampira kolimba kakuda. Zimene zalembedwa m'mphepete mwa nsalu musazikhulupirire zokha, chifukwa mawu amenewo aliyense angathe kuwadinda.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti thonje tili nalo. Alimi a ku Katete, Petauke, Chipata ndi Lundazi amalima thonje lodalira mvula, monganso anzawo a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, koma lambiri limangochotsedwa njere n'kutumizidwa kunja, ndipo limabwerera kuno litasanduka nsalu ya mtengo wina. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima mu 2007 n'kukhala zaka zambiri yosaomba nsalu, ndipo ya Kafue Textiles nayonso inagwa. Ku Blantyre, fakitale imene makolo athu ankaidziwa ndi dzina lakuti David Whitehead inagulitsidwa mu 2003 ndipo tsopano imadziwika kuti Mapeto. N'chifukwa chake ena a ife timapita ku Malawi kukafuna nsalu yopangidwa m'chigawo chino, ndipo pogula timaumirira kuti lisiti lisonyeze dzina la wopanga ndi mtundu wa nsaluyo. Ena amalowera ku Nakonde mpaka kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, kumene kuli vitenge ndi kanga za thonje zopangidwa ku Tanzania konko, koma dziwani kuti dziko la Tanzania linatuluka m'bungwe la malonda la mayiko a m'chigawo chino la COMESA mu 2000, motero katundu wa kumeneko amayendera mapepala a SADC, osati amene ndifotokoze m'munsimu.

Kwa munthu wa makina amodzi, khomo losavuta kulowera ndi la zidutswa ndi salaula, imene kwathu timati kaunjika. Matelala a mu City Market ndi a m'makomboni amataya matumba a zidutswa tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri angakugulitseni pa mtengo wochepa mukagwirizana nawo kuti muzikatenga mlungu uliwonse. Ku msika wa Soweto, belo la kaunjika likatsegulidwa ndipo zovala zabwino zikasankhidwa, pamatsala majinzi ong'ambika m'maondo, malaya a thonje othimbirira pakhosi ndi nsalu zoyala pabedi zimene palibe akuzifuna, ndipo zambiri mwa zimenezi zimakathera ku dzala la Chunga kapena m'ngalande zimene zimatseka nthawi ya dzinja. Nsalu ya jinzi ndi yolimba kwambiri. Ikasomboledwa, kuchapidwa bwino ndi kuphatikizidwa ndi zidutswa za chitenje, imatulutsa majekete, masiketi, zikwama ndi zipewa zimene anthu amazigula ndi mtima wonse. Apa mukhoza kunena molimba mtima kuti mwapulumutsa nsalu imene ikanatayidwa, ngakhale chidutswa china chikhale cha polyester, chifukwa simunachititse kuti papangidwe china chatsopano. Mpamba wake ndi wochepa, koma ntchito ya manja ndi yambiri zedi, ndipo amene amaiwala kuwerengera maola a kusombola ndi kulumikiza poika mtengo amadzapezeka akugwira ntchito yaulere.

Za utoto ndinene mwachidule koma mwamphamvu. Nsalu zambiri zomanga ndi kunyika zimene timaziona pamsika zimanyikidwa mu utoto wa mankhwala wosakaniza ndi soda woyabwa. Mzinda wa Lusaka unakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo m'madera ngati Kanyama ndi Chawama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, kotero madzi a utoto amene mwawathira kuseri kwa nyumba sachedwa kufika pa chitsime cha mnansi wanu. Ngati mulibe njira yosamalira madzi amenewo, ntchito yonyika musaiyambe. Utoto wa makungwa, masamba ndi makoko a anyezi ulipo, koma umasuluka msanga, ndipo kasitomala ayenera kuuzidwa zimenezi asanalipire.

Tsopano za pa chipata. Kuchokera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mu Lusaka mpaka ku Chipata ndi ulendo wa makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika pa Mwami ndi pafupi. Kuyambira mu 2022, Mwami ndi Mchinji zinakhala chipata chimodzi, kutanthauza kuti a msonkho a ku Zambia (ZRA) ndi a ku Malawi (MRA) amagwirira ntchito pamalo amodzi ndipo simuimanso kawiri monga kale. Kwa amalonda ang'onoang'ono pali ndondomeko ya COMESA yotchedwa Simplified Trade Regime, imene ife timangoti STR. Mulingo umene COMESA inaika ndi katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America pa ulendo umodzi, ndipo popeza mayiko amaunikanso mulingowu nthawi ndi nthawi, mufunse chiwerengero cha tsikulo pa desiki ya amalonda imene ili pachipata pomwepo. Anthu a pa desiki imeneyi ntchito yawo ndi kukuthandizani kulemba mapepala, ndipo simufunika kulemba ejenti. Kuti mupindule ndi STR, katundu wanu ayenera kukhala wopangidwa m'dziko la Zambia kapena la Malawi, ndiponso ayenera kupezeka pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Mndandandawo muuwerenge musanagule katundu, osati mutafika naye kale pachipata. Katundu amene sali pa mndandanda koma anapangidwadi m'chigawo chino amafuna chiphaso chachikulu cha COMESA chosonyeza kumene anapangidwira, chimene chimatengedwa ulendo usanayambe.

Pali chinthu chimene ambiri samachimvetsa mpaka atakhumudwa. STR imakuchotserani msonkho wolowetsera katundu, koma VAT imakhalapobe, ndipo kuno ku Zambia ndi 16 peresenti. Amene anawerengera phindu lake poganiza kuti adutsa osalipira kanthu amafika pa kauntala ndalama zitamuperewera, ndipo pomwepo m'pamene anyamata a njinga amamunyengerera kuti adutsitse katundu m'njira za m'tchire. Njira zimenezo musaziyese. Katundu akagwidwa amalandidwa kapena kulipiritsidwa chindapusa choposa msonkho umene mumathawa, amayi ambiri amachitidwa zachipongwe m'njira zomwezo popanda kodandaula, ndipo katundu wodutsa mozemba alibe pepala lililonse limene mungaonetse sitolo yaikulu imene ikufuna kuwoda kwa inu.

Funso la kumene nsalu yachokera limavuta kwambiri pa zovala zosokedwa. Chitenje cha ku China chimene mwagula ku Kamwala sichisanduka cha ku Zambia chifukwa chakuti mwachigula mu Lusaka, ndipo salaula amene mwangomuchapa ndi kumusita amakhalabe katundu wakunja amene amalipira msonkho wonse. Malamulo a COMESA amavomereza katundu ngati wa m'chigawo pamene ntchito imene yachitikira kuno yafika 35 peresenti ya mtengo wopangira, kapena pamene zipangizo zakunja sizinapitirire 60 peresenti ya zipangizo zonse. Jekete limene mwalisoka kuchokera ku majinzi akale ntchito yake yambiri ndi ya manja anu, koma wa msonkho sangadziwe zimenezo pongoliyang'ana. Choncho khalani ndi kope lolembamo mtengo wa zidutswa, ulusi, zipi, mabatani ndi malipiro a telala pa mtundu uliwonse wa chovala, sungani malisiti, ndipo sokererani pachovala chilichonse kansalu kolembedwa dzina la bizinesi yanu ndi dziko limene chasokedwera. Lembetsani dzinalo ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya wolipira msonkho yotchedwa TPIN ku ZRA, ndipo mulowe m'bungwe la Cross Border Traders Association, limene mudzawapeza anthu ake pamsika wa COMESA m'tauni muno.

Kope lomwelo ndi limene lidzakuthandizani pogulitsa. Anthu amene amalipira bwino zovala zoterezi mudzawapeza pamsika wa Lamulungu pa Arcades, ku Kabwata Cultural Village, m'masitolo a m'mahotela ndi m'malo ogona alendo ku Mfuwe kapena m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, komanso pa Facebook ndi WhatsApp, kumene atsikana ogwira ntchito m'maofesi amaitanitsa zovala za muyeso wawo. Ambiri mwa anthu amenewa amawerenga ndipo amafunsa. Musalembe mawu akuti organic, otanthauza thonje lolimidwa popanda mankhwala opangidwa m'fakitale, pa chovala chanu pokhapokha mutakhala ndi chiphaso chotsimikizira zimenezo, chonga cha GOTS, chochokera kwa amene anakugulitsani nsaluyo, chifukwa thonje lambiri la kuno limapoperedwa mankhwala ophera mbozi, ndipo ku Malawi boma linaloleza kale mbewu ya thonje ya Bt, yosinthidwa chibadwa ndi asayansi, imene malamulo a organic saivomereza. Nenani zimene mungathe kuonetsa umboni wake: kuti nsaluyi ndi thonje lokhalokha, kuti inadindidwa ku Blantyre, kuti jekete ili lachokera ku majinzi awiri akale, kuti analisoka ndi telala wa ku Mtendere amene munamulipira mtengo wakutiwakuti. Ine ndimaona kuti mawu oona otere amagulitsa katundu kuposa mawu aakulu amene munthu sangawateteze akafunsidwa kachiwiri.

Pa ndalama khalani tcheru, chifukwa makwacha awiriwa sayenda mofanana. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atasiya katundu pa ngongole ku Lilongwe analandira ndalama zimene sizikanathanso kuwodera katundu wofanana ndi uja. Amalonda ambiri sabwerera ndi makwacha a ku Malawi m'thumba, amagulira komweko nsalu yoti adzasokere kuno, kotero ulendo umodzi umanyamula katundu popita ndi pobwera.

Pa ulendo woyamba musanyamule zambiri. Sokani zovala zochepa za mitundu iwiri kapena itatu, nsalu ya thonje muichape musanaidule chifukwa imafupika ikalowa m'madzi koyamba, mulongedze m'matumba a nsalu osokedwa ndi zidutswa zanu zomwe popeza mayiko onse awiri analetsa mapulasitiki opyapyala, ndipo muyende ndi mmodzi wa amayi amene anazolowera njirayi. Mukakonzeka mundiuze, tikaonere limodzi mndandanda wa STR musanadule nsalu ngakhale imodzi.