Mwana wanga sakuyankhulana ndi mesho wake chifukwa cha ndale, ndimusamutse?

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo ndi yaro (wa chaka choyamba) pa UNIMA ku Zomba, akuchita lenti ku Chikanda chipinda chimodzi ndi mnzake, yemwe ophunzira amati mesho. Poyamba ankasonkherana ya ndiwo ndi makala bwinobwino, koma tsiku lina atakangana za zipani mnzakeyo anamutchula kuti kadeti, iye pobweza anatukwana mtundu wonse wa kwawo kwa mnzakeyo, pano aliyense akuphika pambaula yake ndipo mwanayo akufuna ndalama asamuke. Mayiwo akuti anamuuza kale kuti unapitira sukulu osati ndale, uzitseka pakamwa.

Mayi, nkhawa yanu ndikuimva, fizi ikusowetsa tulo ndipo palibe kholo lofuna kumva kuti mwana wavulala kapena waimitsidwa sukulu chifukwa cha andale oti ngakhale dzina lake salidziwa. Koma ndalama yosamukirayo musatumize kaye, ndipo zotseka pakamwazo ine sindikugwirizana nazo.

Malo amene mwana wanu akuphunzirawo anthu anavutikira kuti pakamwa pazitseguka. Mu 1987 Jack Mapanje, yemwe ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College (dzina lakale la sukulu yomweyi), anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu konkuno ku Zomba popanda kuzengedwa mlandu, anatuluka mu 1991. Mu March 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma la Kamuzu Banda, ophunzira a pa kampasi ya Chirunga yomweyi anaguba kuwaikira kumbuyo nthawi yoti kutero kunali kuika moyo pachiswe. Ndiye mu 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa pa sukuluyi Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi forex komanso zomwe zinachitika ku Tunisia ndi Egypt, aphunzitsi ananyanyala ndipo maphunziro anasokonekera pafupifupi miyezi 8. Nkhani yawo inali yoti m'kalasi musamakhale akazitape, munthu azinena maganizo ake osayang'ana kumbuyo. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula ufulu wa maganizo ndi wophunzira ndi kuphunzitsa momasuka, gawo 35 ufulu woyankhula. Chomwe chimandiwawa ine n'choti masiku ano woopsezayo nthawi zambiri si wapolisi ayi, ndi ophunzira okhaokha, wina akangolemba zosiyana ndi gulu pa WhatsApp ya kalasi amamuwowoza mpaka adimini kumuchotsa, eti tikuteteza dziko.

Ufulu umenewu ndi wa mwana wanu, komanso ndi wa mesho wakeyo ndendende. Apa ndi pomwe anyamata awiriwa anaphonya. Kukangana za mtengo wa feteleza, kugwa kwa kwacha, ngongole ya ophunzira ikachedwa, mizere ya mafuta, zimenezo akangane mpaka tambala alire, yunivesite ntchito yake ndi imeneyo. Koma mawu oti kadeti si mfundo, ndipo kutukwana mtundu wa munthu n'koipa kuposa pamenepo chifukwa chipani munthu amasankha yekha, mawa atha kuchisiya, andale enieniwo taona akusintha makaka kangati? Pomwe kwawo sanasankhe. Ukanyoza kwawo kwa munthu wanyoza mayi ake, agogo ake, ndi manda a kwawo omwe, ndiye usadabwe akasiya kukupatsa moni. Pamenepa mayi ndinene mosapsatira, mwana wanu ndi amene anapyola malire kwambiri ngakhale anayamba ndi mnzakeyo.

Mumuuze ayese ichi, ndimawauza ana ambiri: mnzako akamaliza kuyankhula, usanayankhe, bwereza zomwe wanenazo m'mawu ako mpaka iye avomere kuti eya ndimatanthauza zimenezo. Zikuoneka zophweka koma ayese aone, apeza kuti theka la mkanganowo ankalimbana ndi zinthu zoti mnzakeyo sananene n'komwe. Ndipo luso lomweli ndi lomwe alekichala amafuna mu asayimenti, kuti ufotokoze mbali yomwe sukugwirizana nayo mwachilungamo kenako uigwetse ndi umboni.

Za ntchito nazo musaiwale. Tsiku lina ndinakhala ndi mnyamata womaliza maphunziro tikukonza CV yake, ndinamuuza atsegule Facebook tione, nkhope inagwa, anatsika ndi chala mpaka zomwe analemba ali chaka chachiwiri, zotukwana anthu a chigawo china, anafufuta koma anandiuza yekha kuti anzake ena anasunga ma screenshot. Malawi ndi wamng'ono mayi. Amene ukumana naye pa intavyu, amene akutsine khutu kuti kwinakwake akufuna munthu, kawirikawiri ndi yemwe unkadya naye usipa ku Chikanda, ndipo ukalowa ntchito ya boma udzatumikira aliyense amene wapambana chisankho kaya unamuvotera kaya ayi.

Pali pomwe ndingati asamuke lero lomwe: ngati pali kuopsezana, kumenyana, kuonongerana katundu, kapena mesho akubweretsa anyamata achipani kudzamuzinga. Zikatero akanene ku ofesi ya Dean of Students ndi kwa landilodi, ngati wavulazidwa apite kupolisi. Koma mu uthenga wanu sindinaonemo zimenezo.

Ndiye muimbireni madzulo ano. Mumufunse mawu enieni omwe ananena, asazungulire. Akapepese pa za mtundu zokhazo, maganizo ake a ndale asawasiye ndipo asanamizire kuti wasintha, amuuzenso mnzakeyo kuti dzina la kadeti lija linamupweteka. Mwina mesho sayankha tsiku lomwelo, palibe vuto, amupatse masiku. Pa ndalama mumafuna kutumiza ija mutapepo ya thumba limodzi la makala, akaliike pakati pa chipinda anene kuti ili ndi la tonse, ndipo pakatha masabata awiri mundilemberenso mundiuze ngati ayamba kuphikira limodzi.