Chikho cha São Vicente si mapeto a ulendo

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji timu kutenga chikho cha ligi ya pachilumba chimodzi kenako n'kumatchedwa akatswiri a dziko lonse la Cape Verde. Nkhani yagona pa nyanja. Zilumba zokhala anthu zilipo 9, ndipo kukweza timu ndege kapena sitima sabata iliyonse kungagwetse kalabu iliyonse. Choncho chilumba chilichonse chili ndi ligi yakeyake, koma Santiago ndi Santo Antão anazigawa pawiri, kumpoto ndi kumwera, maligi onse n'kukwana 11. Opambana m'maligi amenewa ndi amene amakakumana pa mpikisano wa dziko.

Taonani timu ya CS Mindelense ya mumzinda wa Mindelo, pachilumba cha São Vicente, anyamata ovala zofiira aja. Mu 2015 anatenga ligi ya São Vicente pa bwalo la Adérito Sena, lomwe amasewerapo pamodzi ndi adani awo onse a mumzindamo. Popeza malo pa mpikisano wa dziko anali nawo kale monga oteteza chikho, mpata wa chilumbacho unagwera FC Derby yomwe inathera pa nambala 2. Ndiye mu ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko, Mindelense inakumana ndi ndani? Derby yomweyo, aneba a khomo ndi khomo! Mindelense inawagonjetsanso.

Chikho cha dziko anachitenga zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2013 mpaka 2016. Ineyo ndimaona kuti ligi ya kwawo ndi imene imawawa kwambiri kuluza, chifukwa wokugonjetsa ukakumana naye mawa pamsika wa nsomba akukuseka.