Musayambire pa Mona Lisa, achimwene

Mwa makalata amene ndalandira sabata ino muli ya mnyamata wina wa ku Chinamwali. Akuti pensulo amaitha, tsopano akufuna kuphunzira penti wa mafuta kuti adzajambule nkhope ya agogo ake, ndiye akufunsa ngati kutengera chithunzi chotchuka cha Mona Lisa kungamuthandize.

Achimwene, kutengera ntchito za akatswiri akale ndi njira yabwino, nawonso ankaphunzira choncho. Koma Mona Lisa musiyeni kaye. Leonardo da Vinci, amene anajambula chithunzichi, ankapaka penti wopyapyala kwambiri, wina pamwamba pa mnzake, kwa zaka zambiri, moti simungaone pamene mthunzi wayambira. Woyamba kumene akayesa, imatuluka nkhope yosalala ngati ya chidole.

Ine ndikukulozerani chithunzi cha Juan de Pareja, chimene Diego Velázquez wa ku Spain anajambula ku Rome mu 1650, pano chili ku Metropolitan Museum ku New York. Pareja anali kapolo wake womuthandiza pantchito, ndipo khungu lake ndi loderapo, pafupifupi ngati lathu. Phunziro lanu lili pamenepo. Yerekezani kuwala kwa pamphumi pake ndi kolala yoyera ija, muona kuti pamphumipo si poyera ayi. Ambirife timathamangira penti woyera, agogo n'kutuluka otuwa ngati adzola phulusa.

Mitundu inayi ndi yokwanira: woyera, wakuda, wofiira ndi yellow ochre (wachikasu ngati dothi). Kanvasi (nsalu yojambulapo) ikasowa, hardboard yopaka primer (penti woyambira) imagwira. Sindikizani chithunzicho, lembani mabokosi pachithunzipo ndi pakanvasi, n'kusamutsa mizere bokosi ndi bokosi ndi pensulo yanu ija. Poyamba pakani mithunzi yokha ndi penti wofiirira wosungunula ndi thapentaini (mankhwala osungunulira penti). Magawo otsatira muzionjezera mafuta a linseed pang'onopang'ono. Mukatembenuza ndondomekoyi, penti wapamwamba amauma msanga wapansi akadali wofewa, chithunzi n'kung'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Zenera likhale lotsegula, fungo la thapentaini limapweteketsa mutu.

Penti wa m'zitini wopakira zitseko uja, ayi ndithu. Ndinamuyesapo pofuna kupulumutsa ndalama, anangoyenderera mpaka pachibwano.

Chinanso ndi nyengo yathu ino. Mu Juni, nkhungu ikatsika kuphiri, penti amachedwa kuuma. Ine ndinapupuluma tsiku lachiwiri, burashi n'kutokosa zapansi, tsaya lonse la Pareja linasanduka matope. Muzikhudza kaye pakona ndi chala. Mukamaliza kutengera Pareja kawiri, kakhazikeni agogo pakhonde, kuwala kuchokere mbali imodzi.