Kodi satifiketi ya Kimberley imatsimikiza kuti dayamondi alibe magazi?

Mmodzi mwa owerenga athu amene akukhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Akufuna kugula mphete ya chinkhoswe, ndipo wogulitsa wamuuza kuti asade nkhawa, mwalawo sunakhetsetse magazi chifukwa unadutsa mu ndondomeko ya Kimberley. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Achimwene, choonadi chilimo, koma n'chochepa kusiyana ndi mmene akuuzirani.

Ndondomekoyi inabwera chifukwa cha nkhondo. Ku Angola, gulu la UNITA la Jonas Savimbi linkagula zida ndi ndalama za dayamondi. Ku Sierra Leone, pa nkhondo ya 1991 mpaka 2002, zigawenga za RUF zimene zinkadula anthu manja zinkazembetsa miyalayi kudzera ku Liberia. Mu 2000 mayiko okumba dayamondi a kum'mwera kwa Africa anakumana mumzinda wa Kimberley, ku South Africa, ndipo kuyambira 2003 phukusi lililonse la dayamondi wosasema likamatuluka m'dziko liyenera kumatidwa bwino ndi kutsagana ndi satifiketi ya boma. Dziko limene silili m'gulu la Kimberley saligula, saligulitsa. Zimenezi zinathandizadi, sindingakane.

Vuto lagona pa mfundo imodzi. Malamulo a gululi amaletsa dayamondi amene zigawenga zikugwiritsa ntchito pofuna kugwetsa boma lovomerezeka, basi. Nanga amene akupha anthu akakhala asilikali a boma lomwelo? Izi zinachitika ku Marange, kum'mawa kwa Zimbabwe. Anthu osauka anakhamukirako kuyambira 2006 ndi mapiki ndi masefa, ndipo mu 2008 asilikali anawathamangitsa ndi mfuti komanso mahelikopita. Bungwe la Human Rights Watch linanena kuti anthu oposa 200 anaphedwa. Komabe mu 2011 dayamondi wa ku Marange analoledwa kupita kumsika, ndipo bungwe la Global Witness, lomwe linathandiza kuyambitsa ndondomekoyi, linatulukamo chaka chomwecho. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa pa pepala miyala imeneyo inali yopanda banga. Kusintha lamuloli kwakhala kukukanika popeza mfundo zimadutsa pokhapokha mamembala onse atavomera, ndiye dziko limodzi likangokana, zathera pomwepo. Ngakhale dayamondi wa ku Russia anachita kuletsedwa ndi mayiko asanu ndi awiri olemera a gulu la G7 mu 2024, osati ndi gulu la Kimberley.

Chinanso, satifiketiyo imayenda ndi phukusi la miyala yosasema, siyenda ndi mphete. Miyala imasakanizidwa ku Dubai kapena ku Antwerp, mzinda wa ku Belgium, yambiri n'kukasemedwa ku Surat, ku India, ndipo ikamafika m'sitolo, kwawo kumakhala kutasokonekera kale.

Choncho musakhutire ndi dzina la Kimberley lokha. Afunseni ogulitsawo kuti mwalawo unakumbidwa dziko liti, mgodi uti, ndipo akulembereni pa lisiti. Akamazemba funsoli, kayang'aneni kwina. Alipo ogulitsa amene amatha kusonyeza kuti mwala wawo ndi wa ku Botswana, Namibia kapena Canada, ndipo aliponso dayamondi wopangidwa m'fakitale, yemwe ndi wotsikirapo mtengo.